DZANJA PA NG'OMBE YODWALA

Amuna ambiri a ku Vubwi, ku Sinda ndi ku Katete amene agwira nchito ku migodi ndi m'matauni ali naco cuma cao kumudzi. Cumaco ndico ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku zimene anasiya m'manja mwa abale. Tsono mau akafika kuti ng'ombe yolima yagona pansi, mwini wace abvutika mtima, nafuna njira iri yonse yoiciritsira.

Masiku ano kwamveka njira ina yocokera kunja. Iwo amene aicita anena kuti m'thupi la camoyo ciri conse muli mphamvu yosaoneka, ndipo munthu wophunzitsidwa akasanjika manja pa ciweto, kapena kungowayandikiza cabe, mphamvuyo iyenda ndi kuciritsa nthenda. Njira yodziwika koposa dzina lace ndi Reiki. Anaiyamba Mikao Usui ku Japan m'caka ca 1922. Anthu ena a ku Ulaya ndi ku America alipira ndalama kuti agalu, amphaka ndi akavalo ao acitiridwe zimenezi.

Kodi mphamvuyo iripodi? Ku America mtsikana wa zaka 9, Emily Rosa, anayesa anthu 21 ociritsa m'njira yonga imeneyi. Anawakhazika kuseri kwa cikwangwani kuti asaone, manja ao okha atatulukira kwa iye. Pamenepo anayandikiza dzanja lace pamwamba pa dzanja lao limodzi, nafunsa kuti nliti limene likumva mphamvu. Pa mayeso 280 iwo analondola 123 okha, pamene munthu wongolotera akadalondola monga theka. Nkhaniyi inasindikizidwa m'nyuzi ya madokotala m'caka ca 1998. Kufikira lero palibe umboni woti mphamvu yotere inaphapo kacirombo ka nthenda m'thupi la ciweto.

Komabe dzanja liri nao ubwino wace, ndipo abusa a ng'ombe anaudziwa kalekale. Ng'ombe yozolowera kusisitidwa ifatsa, ilola goli msanga, ndipo pokama itsitsa mkaka bwino. Yamantha ndi yomenyedwa iumana mkaka. Ubwino waciwiri ndiwo waukuru: dzanja limva nthenda maso asanaione. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Nthenda yoopsa ya ng'ombe m'dziko la kum'mawa ndiyo cigodola, imene Azungu aicha East Coast Fever. Ibwera ndi nkhupakupa zofiirira zokonda kukhala m'makutu. Patapita monga masabata awiri ng'ombe italumidwa, mwanabere wa pansi pa khutu atupa, pambuyo pace wa patsogolo pa phewa, ndipo thupi litentha kupitirira madigiri 40. Munthu wogwira ng'ombe zace m'mawa uli wonse azindikira zimenezi ng'ombe ikali kudya. Akaitana wa ofesi ya ziweto nthawi yomweyo, jekeseni ya buparvaquone kawirikawiri iipulumutsa. Koma akataya masiku kuyembekeza mphamvu ya manja, madzi adzaza m'mapapo, thobvu lituluka m'mphuno, ndipo pa sabata lacitatu kapena lacinai ng'ombe ifa.

Katemera wa nthendayi alipo, ndipo mtundu wa kacirombo umene apangira katemera wa dziko la kum'mawa uli ndi dzina la Katete, kumene unapezeka. Anayamba kubaya nao ana a ng'ombe m'zaka za m'ma 1980. Mwana wa ng'ombe alandira kacirombo kamoyo pamodzi ndi mankhwala okafooketsa; thupi liphunzira kulimbana nako, ndipo citetezo cace cikhala zaka zambiri. Ngakhale kutero dibi sasiya ai, pakuti nkhupakupa zinyamula nthenda zinanso.

Nkhuku ndi agalu cimodzimodzi. Citopa sicimva kusisita. Cimva kadontho ka katemera m'diso la nkhuku, kobwereza pa miyezi itatu kapena inai iri yonse. Ndipo galu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, nayamba kukha dovu ndi kuluma ziri zonse, munthu asamkhudze konse, makamaka ana, cifukwa ciwewe cikaonekera pa munthu sicicirika. Galu ayenera kubayidwa katemera akali bwino.

Cifukwa cace mwamuna wa ku Kitwe kapena ku Lusaka potumiza ndalama ku Vubwi acita bwino kunena nchito yace poyera: iyi ya katemera, iyi ya dibi, iyi isungidwe kuyembekeza tsiku la kudwala. Auzenso mbusa kuti m'mawa uli wonse, asanatsegule khola, apite ndi dzanja pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa la ng'ombe iri yonse, ndipo akapeza cotupa atumize mau tsiku lomwelo. Ng'ombe imodzi yolima ikafa mvula iri pafupi, munda ucepa, ndipo caka ca mawa nkhokwe siidzala.