Ziphuphu ndi makapisozi: chifukwa chake anamwino amayamba afunsa za pakati

Ambiri a inu munamva sewero lija la pa wailesi, momwe mayi wina anapita ndi mwana wake wamkazi kuchipatala chifukwa cha ziphuphu zodzaza kumaso. Asanalembe mankhwala, namwino anafunsa mtsikanayo kuti, "Kodi unasamba liti komaliza?" Mayi uja anapsa mtima. Anati iye wabwera ndi nkhani ya nkhope, osati kuti mwana wake adzanyozedwe. Anatuluka, nakagula makapisozi kumsika. Pokambirana sewerolo, amayi ena anati namwinoyo analibe ulemu. Ine ndikuvomera kuti akanamufunsira pambali, mayi ake ali kunja. Koma funsolo sakanalisiya, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake.

Poyamba tidziwe kuti ziphuphu zimabwera bwanji. Pakhungu pathu pali timabowo ting'onoting'ono totulukira mafuta ofewetsa khungu. Mwana akatha msinkhu, thupi limapanga mafuta ochuluka, timabowo timatsekeka, ndipo tizirombo tomwe timakhala kale pakhungu la munthu aliyense timaswana m'menemo. Pamenepo pamatupa, mwinanso kuchita mafinya. Si uve, si ufiti, ndiponso si chizindikiro choti mwana wayamba zibwenzi. Amayi ena zimawatuluka ali ndi pakati, ena atayamba jakisoni wa kulera, enanso chifukwa cha mafuta oyeretsa khungu amene mumakhala mankhwala amphamvu monga betamethasone.

Ziphuphu zochepa sizifuna makapisozi ayi. Kusamba kumaso kawiri pa tsiku ndi sopo wosalusa, kuleka kufinya, ndi kudzola mankhwala monga benzoyl peroxide, nthawi zambiri zimakwana. Koma zikakhala zambiri, zotupa, zopweteka, zofika kumsana ndi pachifuwa, kapena zikusiya zipsera, adokotala angalembe mankhwala akumwa opha tizirombo, aja timati maantibayotiki. Amene amalembedwa kawirikawiri ndi doxycycline, ndipo m'bale wake ndi tetracycline. Ndi mankhwala abwino, amathandizadi. Vuto lake n'lakuti sayenera aliyense.

Mano a mwana amayamba kupangika iye akadali m'mimba. Mayi akamamwa mankhwala a mtundu umenewu, amadutsa m'magazi mwake n'kukafika kwa mwana, ndipo amakakamira m'mano ndi m'mafupa amene akungopangika kumene. Izi zimachitika makamaka kuyambira mwezi wachinayi kupita m'tsogolo. Mwanayo mano akadzamera, amatha kutuluka achikasu, ofiirira kapena otuwa, ndipo mtundu umenewu suchoka ngakhale atatsuka ndi mswachi chotani, chifukwa uli m'kati mwa dzino. Woopsa kwambiri pa zimenezi ndi tetracycline. Doxycycline sawononga mano motero, n'chifukwa chake pa matenda oika moyo pachiswe adokotala amatha kumupereka kwa masiku owerengeka ngakhale kwa mwana. Koma wa ziphuphu amamwa miyezi, ndipo palibe chiphuphu choyenera kuti tiike mwana wosabadwa pa mayeso otero.

Tsono mukuona kuti namwino uja sankafufuza khalidwe la mtsikanayo. Funso limenelo timafunsa wamkazi aliyense amene anayamba kusamba, kaya ndi wa pasukulu, kaya ndi mayi wa ana asanu. Wogulitsa kumsika safunsa. Amangowerenga makapisozi m'kapepala n'kulandira ndalama.

Ngati inuyo munamwako mankhwalawa musanadziwe kuti muli ndi pakati, musade nkhawa mpaka kusowa tulo. Lekani kumwa, ndipo mukanene kusikelo kuti alembe m'kabuku kanu. Ngati mukuyamwitsa, nenaninso, pakuti kumwa kwa miyezi yambiri timapewa pa nthawi imeneyi. Ana osakwana zaka 8 sapatsidwa mankhwalawa chisawawa pa chifukwa chomwecho cha mano, choncho asungeni patali. Ndaonapo amayi akupatsa mwana wotsekula m'mimba kapisozi wotsala wa mchemwali wake. Chonde, zimenezo ayi.

Kodi mayi woyembekezera angopirira? Ayi, njira ilipo. Benzoyl peroxide ndi azelaic acid ndi zodzola zomwe adokotala amalola pa nthawi ya pakati, ndipo zikavuta kwambiri angalembe erythromycin. Pali zina zoti mupewe ngakhale zili zodzola: tretinoin ndi adapalene. Palinso mankhwala akumwa otchedwa isotretinoin. Amenewa si antibayotiki, koma ndawatchula chifukwa achibale ena amatumiza kuchokera ku Johannesburg kapena kwina. Amalumalitsa mwana m'mimba koopsa. Musamwe, ndipo mwana wanu asamwe, popanda dokotala wa khungu.

Tsopano tinene kuti adokotala afunsa zonse ndipo alemba doxycycline. Kamwedwe kake kali ndi malamulo. Imwani ndi madzi odzaza kapu, mutakhala tsonga kapena mutaimirira, ndipo musagone mpaka patapita mphindi 30. Kapisoziyu akakakamira kum'mero amachititsa chilonda chopweteka pomeza, ndipo ambiri amene zimawachitikira ndi aja amameza ndi malovu okha ali kale pamphasa. Mukamwa mutadya, mseru umachepa. Mapiritsi owonjezera magazi ndi mankhwala a chilungulira amatsekereza doxycycline kulowa m'thupi, choncho pakati pake pazidutsa maola awiri kapena atatu. Tetracycline ndiye sagwirizananso ndi mkaka. Khungu limapsa msanga ndi dzuwa, ndiye popita kumunda kapena kumsika valani chipewa kapena fundani chitenje. Amayi ena amamva kuyabwa kumaliseche ndi kutuluka zoyera ngati chambiko. Musachite manyazi, bwerani, mankhwala ake alipo. Koma mutu ukamapweteka kwambiri n'kumaona mwachimbuuzi, thupi likatuluka zidzolo, milomo ikatupa, kapena mukatsekula m'mimba kosaleka, siyani kumwa ndipo mubwere tsiku lomwelo.

Ena mumafunsa ngati doxycycline amafoola mapiritsi a kulera. Kale tinkaphunzitsa choncho, koma tsopano zikudziwika kuti sawafoola, pokhapokha ngati mukusanza kapena kutsekula m'mimba kwambiri. Amene amafooladi ndi rifampicin, wa chifuwa chachikulu.

Chovuta china ndi kudekha. Nkhope siyera m'sabata imodzi. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 8, ndipo pakatha miyezi itatu adokotala amafuna kuonanso ngati apitirize kapena aleke. Nthawi zambiri sapitirira miyezi 6. Mtsikana amene wamwa masiku khumi osaona kanthu amafuna kutaya, ndipo apa ndi pamene inu mayi ake mumafunika. Mukumbutseni kumwa tsiku lililonse ndi kudzola zomwe anapatsidwa, chifukwa makapisozi okha popanda chodzola sapita patali. Benzoyl peroxide amathandizanso kuti tizirombo tisazolowere mankhwala. Ingosamalani zovala zamtundu, chifukwa amasukulutsa nsalu.

Kuzolowera kumeneku ndi nkhani yaikulu. Munthu akamamwa lero n'kusiya mawa, kapena kugula makapisozi asanu malinga ndi ndalama za m'thumba, tizirombo tolimba timatsala ndipo timaswana. Doxycycline yemweyu ndi amene timadalira pa matenda ena opatsirana pogonana, ndiponso ali m'gulu la mankhwala opatsidwa kwa odwala kolera kwambiri. Mukukumbukira mmene kolera inativutira kuno ku Malawi mu 2022 ndi 2023. Tikawafoola mankhwala oterewa chifukwa cha ziphuphu, tsiku lowafunadi sadzatithandiza. Kutsegula kapisozi n'kupaka ufa wake kumaso nakonso n'kuwononga chabe, ndipo tetracycline wotha nthawi yake amatha kupweteka impso.

Mukabwera ndi mwana wanu wamkazi, tengani kabuku kake ka kuchipatala pamodzi ndi chilichonse chimene wakhala akumwa kapena kudzola, ngakhale chogula kumsika, kuti tichione. Ndipo namwino akakupemphani kuti mudikire kaye pakhonde, mpatseni mpata mwanayo ayankhe yekha.