Za Chikhodzodzo, Likodzo ndi Botolo Lopita Nalo ku Chipatala

 Mwezi uno wa Okutobala, pamene dzuwa lafika poswa mtengo, ndipo aliyense wokhala ndi nazale ya fodya akulawirira kudambo ndi makeni awiri m'manja, makalata amene atipeza kuno ku wailesi, ochokera m'midzi ndi m'maesiteti a m'boma la Kasungu, achuluka pa nkhani imodzi, nkhani imene munthu waulemu wake saitchula pabwalo, koma imene tiyenera kuitchula lero, pakuti akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bambo wina akuti akutuluka panja kasanu usiku umodzi. Wina akuti potaya madzi akumva kuwotcha. Ndipo mayi wina, polemba za mwana wake wa sitandade 5, akuti waona madontho a magazi pa kabudula wa mwanayo.

Zokodzetsa munthu pafupipafupi n'zambiri, ndipo sinditayapo nthawi, popeza zina mumazidziwa kale. Amene akukodza wambiri, namva ludzu losatha, nayamba kuonda ngakhale akudya nsima yake yonse, akayezetse magazi a pachala, pakuti kawirikawiri amenewo ndi matenda a shuga. Amene akukodza pang'onopang'ono mowawa, makamaka amayi, angakhale ndi tizilombo m'njira ya mkodzo. Mayi woyembekezera amakodza pafupipafupi chifukwa mimba imapanikiza chikhodzodzo. Koma kuno kwathu, kumene anthu amakhala tsiku lonse miyendo ili m'madamu ndi m'zithaphwi za m'madambo, tiyenera kuyamba taganizira likodzo, nthenda imene nyongolotsi yake anaiona koyamba Theodor Bilharz mumzinda wa Cairo m'chaka cha 1851. Kanyongolotsika kamatuluka mu nkhono za m'madzi odikha, kamaboola khungu la munthu mosamveka kuwawa, nikakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, m'mene kamatha zaka kakuikira mazira. Ndipo mazirawo, pofuna njira yotulukira, ndiwo amene amang'amba khoma la chikhodzodzo, natulutsa magazi, nachititsa munthu kumva ngati mkodzo sunathe pamene angochokako kumene kuthengo.

Tsono ndifike pa chinthu chimene chandikhalitsa pano lero, chimene anthu ambiri, ngakhale atayenda mtunda wautali kufikira pa chipatala cha boma cha Kasungu kapena cha St Andrew's ku Mtunthama, amachilakwitsa, nabwerera kwawo atauzidwa kuti sanawapeze ndi kanthu, nthenda ali nayo. Chinthucho ndi mkodzo woupereka kukayezedwa.

Inu alimi a fodya mudziwa bwino zimene zimachitika ku okushoni ku Chinkhoma. Wogula samasula belo lonse. Amasolola masamba pang'ono, nawayang'ana, nalemba mtengo wa belo lonse pa masamba omwewo. Woyeza mkodzo naye ali chimodzimodzi. Iye saona m'kati mwa chikhodzodzo chanu. Amaweruza thupi lonse pa timadzi tochepa timene mwamupatsa m'botolo, ndipo ngati mwamupatsa masamba osayenera, musamunene kuti sadziwa ntchito.

Mazira a likodzo satuluka mofanana nthawi zonse. Amachuluka mu mkodzo wa masana, kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 2 koloko masana, ndipo amakhala makamaka m'madontho otsiriza, aja amatuluka chikhodzodzo chikamadzifinya pomaliza. Koma taonani zimene timachita ife. Munthu amadzuka tambala woyamba, nakodzera m'botolo mkodzo woyambirira, wotsirizawo nautayira pansi, natseka botolo, naliika m'thumba la jekete, nakwera njinga pa dzuwa lonse, nakafika pa mzere, nakhala pamenepo kufikira masana. Nthawi yake yalakwika, madontho ofunika atsala pa dothi la kuseri kwa nyumba, ndipo mkodzowo wakhalitsa. Belo lili ndi fodya woonongeka, koma masamba amene afika pamaso pa wogula ndi oyera.

Palinso za botolo lenilenilo, zimene zimandiwawitsa mtima ndikamazimva. Wina amatenga botolo la zakumwa zotsekemera, osalitsuka bwino, ndipo shuga wotsalira pansi pake amaoneka pa kapepala koyezera, munthu nauzidwa za shuga amene alibe. Wina amalitsuka ndithu, koma nasiya madzi m'kati. Mazira a likodzo, akangokhudzana ndi madzi, amaswa, ndipo woyeza amavutika kuwaona. Chifukwa chake ndikupemphani, abale anga, musanyamule mkodzo kuchokera kunyumba. Pitani nokha, mukalandire kabotolo kouma ka kuchipatala, mukakodze pomwepo nthawi ya masana ija, mukaonetsetse kuti madontho otsiriza alowa m'kabotolomo, ndipo mukakapereke nthawi yomweyo.

Ndikudziwa kuti wina pakali pano wayamba kale kutsutsa wailesi yake, nati, "Nanga bwanji ine anandiuza kuti ndibweretse wa m'mawa, ndiponso wapakati, osati wotsiriza?" Ndisiye kaye zimene ndinakonza kuti ndikuyankheni, bambo, pakuti funso lanu ndi loona. Pofufuza tizilombo ta m'njira ya mkodzo, adokotala amafunadi wapakati, mutasamba bwino, mutataya woyambirira. Kuyeza kumeneko n'kwina, ndipo kwa likodzo n'kwinanso. Adokotala sangadziwe kuti asolole mbali iti ya belo ngati inu simunawauze kumene fodyayo anachokera. Auzeni poyera kuti mumathirira nazale ndi madzi a m'damu, kuti mumachapa kapena kusamba kumtsinje, kuti mwana wanu amasambira m'chithaphwi. Ambiri amangoti "m'mimba mukupweteka," nayang'ana pansi, nalandira mankhwala a nthenda ina.

Kwa amayi ndinenepo mawu apadera. Mazira omwewa amakhazikikanso m'njira ya chiberekero, nabweretsa zilonda, kuwawa ndi kutaya magazi pang'onopang'ono. Ndipo popeza zizindikirozo zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, mabanja ena akangana, nanenezana chigololo, pamene wolakwa ndi nkhono ya padambo pamene mayiyo amachapira zovala za ana ake. Musaweruze musanayezetse.

Mankhwala a likodzo alipo, dzina lake praziquantel, omwe aja alangizi a zaumoyo amagawira ana m'masukulu. Amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, kotero kuti bambo wolemera makilogalamu 60 amamwa mapiritsi 4 a mamiligalamu 600, onse tsiku limodzi. Amwedwe munthu atadya nsima kapena phala lokwanira, chifukwa pa mimba ya njala amachititsa chizungulire ndi nseru, ndipo makolo ena, ataona mwana akusanza, aletsa ana awo onse kulandira mankhwalawo, chimene chili cholakwa chachikulu. Mayi munalemba za mwana wa sitandade 5, musamvere akunena kuti magazi amenewo ndi chizindikiro cha kukula kwa mnyamata. Mwanayo akudwala, magazi ake akuchepa, ndipo m'kalasi adzayamba kufooka. Mutengereni ku chipatala sabata ino.

Zimene sindingazilekerere ndi ziwiri. Choyamba ndi kugula makapisozi awiri atatu pagolosale, kumwa, kuwawa kukaleka n'kumati ndachira. Makapisozi amenewo sapha nyongolotsi ya likodzo, ndipo tizilombo tina timangowazolowera. Chachiwiri ndi kuleka kumwa madzi pofuna kuchepetsa maulendo a kuthengo, pa kutentha kotere, munthu akugwira ntchito ya thukuta. Mkodzo umangoonjezera kuwotcha, ndipo impso zimavutika. Likodzo likakhala m'thupi zaka zambiri losachizidwa limaumitsa chikhodzodzo, limatseka njira zochokera ku impso, ndipo mwa anthu ena limabala khansa ya chikhodzodzo, imene ambiri amakafika nayo ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe itakula kale. Munthu wamkulu woona magazi mu mkodzo, ngakhale asamve kuwawa konse, asagonepo.

Ndimvanso wina akuti, "Nazale sindingaisiye, madzi ake ndi a m'damu momwemo." Indetu, simungaisiye, ndipo sindikuti muisiye. Valani nsapato za jombo ngati mungazipeze, tungani mutaima pamtunda m'malo molowa mpaka m'mawondo, ndipo madzi osamba muwasunge mumgolo masiku awiri, pakuti tinyongolotsi timafa tikasowa munthu womulowa. Mankhwala amapha nyongolotsi zokhwima zimene zili m'thupi tsiku limenelo, koma satchinga zatsopano; choncho wogwira ntchito m'madzi chaka ndi chaka ayenera kuyezetsa chaka ndi chaka. Ndipo eni maesiteti, amene muli ndi matenanti ambiri pa damu limodzi, kumbani zimbudzi pafupi ndi manazale, popeza dzira la likodzo silingafike kwa nkhono pokhapokha munthu atakodzera m'madzi kapena m'mphepete mwake.

Nthawi yatithera ndisanayankhe bambo aja otuluka panja kasanu usiku, amene mkodzo wawo ukutuluka mofooka ndi modukaduka. Nkhani yawo, imene kawirikawiri imachokera pa kukula kwa kachiwalo kotchedwa prostate kamene kamazinga njira ya mkodzo mwa abambo, tidzaikamba sabata ya mawa. Koma ngati mkodzo watsekeka osatuluka konse, chinena chatupa ndipo chikuwawa, kapena ngati kukodza kowawa kwadza pamodzi ndi kutentha thupi ndi kupweteka kwa m'chiuno chakumsana, musadikire pulogalamu ya sabata ya mawayo. Ana anu akunyamuleni, mupite ku chipatala usiku womwewo.