Kufufuza Mbiri ya Chipata m'Mabuku

Pofufuza mbiri ya nkhondo ya 1898, pamene asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, dzina loti Chipata palokha silikwanira. M'nthawi ya atsamunda mzindawu unkatchedwa Fort Jameson, ndipo zolembedwa zakale zimatchula dzina limenelo. Choncho poyang'ana m'ndandanda wa mabuku, kaya wa pamakadi kaya wa pakompyuta, funani Fort Jameson, Ngoni ndiponso Angoni. Mukatero mungapeze buku la J. A. Barnes la 1954, lotchedwa Politics in a Changing Society. Makalata akale a boma amasungidwa ku National Archives, ku Lusaka. Koma popeza ambiri mwa olembawo anali Azungu, yerekezani zimene mwawerengazo ndi zimene agogo athu amasimba.