Mjigo Ukayamba Kuuma, Mwana Amwe Chiyani?

Amayi, m'sewero lija munamva mayi wina akudandaula kuti mjigo wa m'mudzi mwawo wayamba kutulutsa madzi ochepa mwezi wa Okutobala usanafike. Ndowa zinali mbwee pamzere, mwana kumsana akulira, ndiye mayiyo anangopita kukafukula mchenga mumtsinje wouma. Patapita masiku awiri mwana anayamba kutsegula m'mimba. Ambiri munaseka pamene bambo a mwanayo ankati ndi ufiti. Koma ndani mwa ife sanatungepo madzi otere?

Kuno ku Rumphi madzi athu ambiri amachokera kumapiri a Nyika. Mvula ikamagwa mofatsa, udzu ndi mitengo zimaigwira, madzi amalowa pansi, kenaka amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe ndi m'timitsinje tothira mu South Rukuru. Mjigo nawonso umamwa madzi omwewo a pansi.

Masiku ano nyengo yasintha chifukwa dziko lonse likutentha. Mvula imachedwa, ikabwera imagwa yamphamvu masiku ochepa, kenaka ng'amba. Mvula yotere imangothamanga pamwamba, siilowa pansi. Ifenso tawonjezera vutoli podula mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi kulima mpaka m'gombe. Zigafa za fodya ku Henga ndi ku Nkhamanga zadya mitengo yambiri, tisabisane.

Choncho tili ndi mavuto awiri. M'chilimwe madzi amachepa, timamwa pamodzi ndi ng'ombe, ndipo timayamba kuumira madzi osamba m'manja. M'dzinja madzi osefukira amakokolola zonyansa za m'zimbudzi n'kukazithira m'zitsime. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Rumphi inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, ndipo matendawa anatipeza m'chilimwe, nthawi imene tinkaganiza kuti kolera kulibe.

Mvula sitingailamule, koma ndowa ya m'nyumba mwanu mungailamule. Madzi akakhala amatope, adikheni kaye, muwasefe ndi kansalu koyera. Kenaka aphitseni mpaka abwate, kapena thiranimo WaterGuard kapena kolorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo, motsatira muyeso. Dikirani mphindi 30 musanamwe. Madzi oyera m'maso si ndiye kuti ndi abwino. Vundikirani ndowa, ndipo mukhale ndi makapu awiri, ina yotungira, ina yomwera.

Amene muli ndi nyumba za malata, tcherani madzi a mvula, koma yoyamba isiyeni itsuke denga. Pachimbudzi ikani mpondagiya. Kabotolo kamodzi kamasambitsa m'manja banja lonse.

Mfundo imene ndimaibwereza tsiku lililonse kusikelo ndi iyi: mwana wosakwana miyezi 6 musamumwetse madzi, ngakhale kutenthe bwanji. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira. Agogo akaumirira kuti mwana ali ndi ludzu, muyamwitseni pafupipafupi, ndipo inu mayi ndinu amene mumwe madziwo.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, mum'patse pang'onopang'ono, osasiya kuyamwitsa. Kuchipatala mufunsenso mapiritsi a zinki. Maso akalowa m'kati, liwombo likalowa, akamakana kuyamwa, kapena chimbudzi chikakhala ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche. Nyamukani nthawi yomweyo, mukum'mwetsa Thanzi m'njira.