ZAKUDYA ZA PA CISUMBU CA BORACAY

 Madzulo ano tiyenda ulendo wautali wa kum'mawa, kupitirira India, kufikira dziko lochedwa Philippines. Dziko limeneli liri pakati pa nyanja ya mcere, ndipo ndilo zisumbu zokha-zokha zoposa 7,000.

Mwa zisumbu zonsezi ciripo cimodzi cacing'ono, dzina lace Boracay. M'litali mwace muli makilomita 7 okha, ndipo munthu afikako pa bwato kucokera pa doko la Caticlan, pa cisumbu cacikuru ca Panay. Cimene cinachukitsa Boracay ndico gombe lace la mcenga woyera ngati ufa wosinja bwino, lotalika makilomita 4. M'caka ca 2017 alendo odzapumula kumeneko anaposa 2,000,000.

Inu mudziwa kuti pa mgodi pasonkhana anthu a mitundu yambiri, ndipo mkazi ali yense atendera ndiwo monga anaphunzira kwa amace. Ku Boracay nakonso anthu ofuna nchito ya kuphika m'mahotela acokera ku zisumbu zosiyana-siyana. Cifukwa cace mlendo akhoza kulawa zakudya za madera ambiri osacoka pa gombe limodzi.

Nsima yao ndiyo mpunga, m'mawa, masana ndi madzulo. Komabe ku Cebu ndi ku mbali zina za Mindanao ambiri adya cimanga cosinja cokhakhala m'malo mwa mpunga. Cimangaco cinacokera ku America, monganso cathu cino. Aspanya analamulira dzikolo kuyambira 1565 kufikira 1898, ndipo zombo zao zinkayenda pakati pa Manila ndi Acapulco, ku Mexico, kufikira 1815. Ndi zombozo zinafika mbeu zacilendo monga cimanga, matimati ndi tsabola.

Tsono tiyeni tione ndiwo. Yodziwika m'dziko lonse ndiyo adobo: nyama ya nkhuku kapena ya nkhumba yophika m'viniga, pamodzi ndi adyo ndi msuzi wakuda wa soya. Kodi viniga alowamo bwanji? Dziko lao nlotentha ndiponso lacinyezi, ndipo nyama siicedwa kuola. Makolo ao anaona kuti nyama yophika m'zowawasa ndi mcere ikhala masiku angapo yosaonongeka. Nzeru yace ndi yomweyo imene ife tifutsira ndiwo ndi kuwamba nsomba. Alinso ndi msuzi wochedwa sinigang, umene auwawasitsa ndi bwemba, bwemba yemweyu amene ana athu abwira ku cigwa.

Eni ace a dera la Aklan, kumene kuli Boracay, ali ndi nkhuku yao yochedwa binakol. Aiphika m'madzi a m'kati mwa kokonati wamuwisi, ndipo akale ankailonga m'mphako ya nsungwi naiika pamoto. Inanso, inubarang manok, aiphika pamodzi ndi mtima woyera wa m'thunthu la nthoci, umene ambiri a ife tingotaya kudzala.

Ku Bacolod, pa cisumbu ca Negros kumene alima nzimbe zambiri, kucokera nkhuku yoocha pa makala yochedwa inasal. Ayamba ainyika m'viniga ndi m'madzi a timandimu tating'ono tochedwa calamansi. A ku Cebu anyadira lechon, ndiyo nkhumba yathunthu yopisa pa mtengo, imene aitembenuza pamwamba pa makala maora ambiri kufikira khungu lace lifiira ndi kuuma gwa. Imeneyi ndi nyama ya pa ukwati ndi pa maphwando. A ku Bicol, dziko la kokonati, atendera pafupi-fupi ciri conse ndi mkaka wofinya m'kokonati, monga ife titendera ndi nsinjiro, nathiramo tsabola woturutsa munthu misozi. A ku Ilocos, kumpoto kumene nthaka njouma, ali ndi pinakbet: therere, maungu, mabiringano ndi cipatso cina cowawa, zokoleretsa ndi tinsomba tosasitsa mu mcere. Kumwera, pakati pa Asilamu a ku Mindanao, nkhumba siilowa m'mphika. Iwo aphika nkhuku, ng'ombe ndi nsomba.

Cimene cingadabwitse munthu wa kuno ndico kinilaw, nsomba yaiwisi yosaona moto konse. Aidula nthuli-nthuli, naithira viniga, anyezi, jinja ndi tsabola, ndipo kuwawasako kuiyeretsa ngati yophika. Koma cakudya cotere cifuna nsomba ya tsiku lomwelo, yocokera m'madzi abwino. Apa mpamene pagona nkhani yathu.

Pamene alendo anacuruka ku Boracay, anthu anamanga mahotela mothinana kufikira m'mphepete mwa madzi. Ena, posafuna kutaya ndalama, ankataira madzi a m'zimbudzi ndi a m'makhicini m'nyanja momwemo mosambira alendo ao. Zinthu zinaipa kotero kuti Pulezidenti Rodrigo Duterte analinganiza malowo ndi dzenje la cimbudzi, nalamula kuti cisumbu citsekedwe. Kuyambira pa 26 April kufikira pa 26 October, 1918 ai, koma m'masiku athu ano, m'caka ca 2018, mlendo sanaloledwe kupondako. Boma linakonza mipope ya madzi oipa, niligwetsa nyumba zomangidwa pafupi ndi madzi kuposa mamita 30.

Nanga anasauka ndani miyezi 6 imeneyo? Eni mahotela anataya phindu, inde. Koma amene anagona ndi njala ndiwo ophika, operekera zakudya, oyendetsa mabwato ndi amai ogulitsa nsomba, zikwi zambiri, pamodzi ndi abale ao kumudzi amene ayembekeza ndalama pakutha pa mwezi. Inu amene munaonapo mgodi utatsekedwa simufuna wina wokufotokozerani.

Tisaiwalenso Aati, mtundu wa anthu a khungu lakuda amene anayamba kukhala pa cisumbuco, nasodza ndi kulima momwemo alendo asanadze. Gombe litasanduka cuma iwo anapanikizidwa, ndipo m'caka ca 2011 boma linawalembera kadziko ka mahekitala 2 okha kuti kakhale kao-kao.

Tsono, anzanga, m'mbale imodzi ya ku Boracay muli msodzi, mlimi, wophika, ndi madzi amene onsewa adalira. Madziwo akaipa, mbale iuma. Mau amenewa tiwakumbukire poyang'ana mitsinje imene ipita pafupi ndi migodi ndi makomboni athu, pakuti nsomba ya pa msika wanu icokera momwemo.