Za ulendo wathu wa ku Berlin mu Disembala: zimene tinalankhula pa msonkhano wa ku Lewisham

Komiti inatituma kuti tifufuze za ulendo wa ku Berlin, ndiye tabwera kudzatula zimene tapeza.

Tiyambe ndi mapepala, chifukwa m'pamene tinapsa chaka chatha. Banja lina mwa ife linathamangira kugula matikiti a ndege otchipa, osabwezeka ndalama, kenako n'kuyamba kufunafuna tsiku lokapereka mafomu a viza. Tsiku linapezeka ndege itapita kale, ndalama zonse n'kulowa m'madzi. Tisabwerezenso. Aliyense wa pasipoti ya Malawi akufunika viza ya Schengen, ngakhale ali ndi chilolezo chokhala muno mpaka kalekale. Wamkulu amalipira €90, mwana wa zaka 6 mpaka 11 €45, ndipo pamafunika inshuwalansi ya chipatala yofika €30,000. Mafomu amalandira ngakhale kutatsala miyezi 6, choncho pezani tsiku kaye, tikiti pambuyo.

Pali china chimene ambiri timaiwala: kubwerera. Makhadi a BRP anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, tsopano zonse zili pa eVisa. Ngati munasintha pasipoti koma simunalembetse yatsopanoyo pa akaunti yanu ya UKVI, mukhoza kuvutika pokwera ndege yobwerera kuno. Ife a zamakompyuta tabwera ndi malaputopu, tikatha pano tithandizana. A pasipoti ya Britain viza sakufunika, koma pasipotiyo ikhale yosakwana zaka 10 chiitengereni, ndipo kuyambira pa 12 Okutobala 2025 malire a Schengen anayamba kujambula nkhope ndi zala za alendo. Musadabwe ndi mzere.

Ena afunsa kuti bwanji Berlin, kozizira chonchi, osapita kumene kuli dzuwa. Chifukwa choyamba n'chapafupi: boma lathu la Lewisham lili pa ubale ndi dera la Charlottenburg-Wilmersdorf mumzindawu, ndipo ofesi ya kazembe wa Malawi ili m'dera lomwelo, mumsewu wa Westfälische Straße. Koma chifukwa chenicheni ndi ana athuwa. Ku Berlin n'kumene mayiko 14 anakhala pansi kuyambira pa 15 Novembala 1884 mpaka pa 26 Febuluwale 1885, m'nyengo yozizira ngati yomweyi, kugwirizana malamulo ogawanira Africa, popanda mfumu ya ku Africa ngakhale imodzi pa tebulo. Nyumba imene anakumaniramo kulibenso, koma mumsewu wa Wilhelmstraße muli chikwangwani cha chikumbutso. N'chaching'ono, munthu akhoza kuchidutsa osachiona. Ife tikufuna tikaime pamenepo, ana awerenge okha.

Ndipo nkhaniyi sinathe. Mumzinda womwewu, pa 1 Julayi 1890, Britain ndi Germany anasaina pangano la Heligoland-Zanzibar, limene linaika malire a dziko la Ajeremani m'mphepete mwa nyanja chakum'mawa. Mukamamva pa wailesi Malawi ndi Tanzania akukokanakokana za nyanja, pepala limene Malawi amatulutsa ndi lomwelo. Anzathu a ku Karonga amadziwanso kuti mu Seputembala 1914 asilikali a Germany anamenya nkhondo pakhomo pawo penipeni. Ndiye tikapita ku Wedding, dera limene misewu yake ili ndi mayina a ku Africa, tikaona kuti mayina a atsamunda ayamba kuchotsedwa. Mu 2024 gawo la msewu wa Petersallee linasanduka Maji-Maji-Allee, pokumbukira nkhondo ya 1905 mpaka 1907 imene Angoni a ku Songea, abale athu a tsidya la nyanja, anamenya nawo. Mayinawo sanasinthe okha. Anthu akuda okhala ku Berlin analimbikira zaka zambiri, ndipo ife a gulu ngati lathuli tili ndi chokaphunzira kwa iwo.

Tsopano dzuwa. Mu Disembala limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo kuzizira kwake kumaposa kwa London. Choncho zoyenda panja zonse, Wilhelmstraße, Brandenburg Gate, Wedding, zikhale m'mawa. Masana tilowe m'nyumba. Denga la galasi la nyumba ya malamulo, Reichstag, kukwera n'kwaulere, koma amafuna mayina ndi masiku obadwa pasadakhale, ndiye tilembetsa monga gulu. Pergamon Museum inatsekedwa mu 2023 kuti aikonze, musaiyike pa ndondomeko ngakhale buku lanu lakale likuitamanda. Humboldt Forum ili ndi zinthu zambiri zochokera ku Africa. Tikalowe, koma tikalowe ndi funso lakuti zinafika bwanji kumeneko.

Madzulo ndi a misika ya Khirisimasi, monga wa pa Breitscheidplatz pafupi ndi tchalitchi chogumuka ndi mabomba chija. Amene sitimwa, funsani Kinderpunsch m'malo mwa Glühwein. Kapu amalipiritsa chikole, mukaibweza ndalama ibwerera. Tengani ndalama za m'manja, si onse ogulitsa amalandira khadi. Ndipo amayi, Lamlungu mashopu amatseka. Si kuno kumene timatuluka m'tchalitchi n'kulowa mu Lewisham Shopping Centre. Mkaka wa ana mugule Loweruka.

Za maulendo a tsiku limodzi, tinakangana mu komiti. A ku Blantyre amafuna Hannover, popeza mizinda iwiriyi ili pa ubale kuyambira 1968. Tawamva, koma ndi pafupifupi maola awiri pa sitima yothamanga kupita kokha, mtengo wake wokwera, n'kukafika dzuwa latsala pang'ono. Ife tikuti Hannover idikire chilimwe. Potsdam ndi pafupi, sitima ya S7 imafika, ndipo tikiti ya ABC yomwe tigwiritse ntchito kuchokera ku bwalo la ndege ndi mtundu womwewo. Minda ya Sanssouci nthawi ino imakhala yopanda masamba, koma kuyenda kwa maola awiri n'kokwanira. Akuluakulu amene angafune, sitima ya S1 imafika ku Oranienburg, kumene kuli msasa wa Sachsenhausen wa nthawi ya Hitler. Kumeneko ana aang'ono tisawatenge.

Chomaliza, kumene kulibe zipata za tikiti sikuti n'kwaulere. Tikiti ya pepala muidinde pa kamakina musanakwere, apo ayi chindapusa ndi €60, ndipo gulu silikulipirirani.

Amene mukupita, lembani dzina monga lilili pa pasipoti, tsiku lobadwa ndi mtundu wa pasipoti pa pepala lili pakhomopo. A pasipoti ya Malawi mutsale pang'ono, tiyambe ndi inu.