Damu la Dothi Likamadwala, Anthu a Kumunsi Auzidwe

Nkhani yanga ndi ya madamu a dothi amene amamangidwa m'zigwembe ndi m'makwawa kuti atchinge matope ndi mchenga, ndiponso m'mene tingadziwire ngati damu lotere lili bwino kapena latsala pang'ono kuphulika.

Tiyambe ndi dziko la China chifukwa kumeneko ndiko kuli madamu ambiri a mtundu umenewu. Kumpoto kwa dzikolo, m'zigawo za Shaanxi ndi Shanxi, kuli dothi lachikasu lofewa ngati ufa. Mvula ikagwa limakokoloka n'kukalowa mu mtsinje wa Huang He. Kale mtsinjewu unkanyamula matani okwana 1.6 biliyoni a matope pa chaka. Kuyambira m'ma 1950 anthu anamanga madamu a dothi oposa 50,000 m'zigwembe. Madzi akafika pa damu amadekha, matope n'kukhazikika, ndipo pakapita zaka kuseri kwa khoma kumasanduka munda wa chonde. Ntchito imeneyi, pamodzi ndi kubzala mitengo ndi kukonza migula, yachepetsa kwambiri matope mu mtsinjewo.

Koma ambiri mwa madamuwa anamangidwa mothamanga pomvera lamulo la akuluakulu a chipani. Anali ndi khoma ndi kanjira kakang'ono kotulutsira madzi basi, opanda ngalande yotayira madzi osefukira. Mvula ya mphamvu itagwa mu 1977 ndi 1978, ambiri anagumuka. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Damu lotchinga matope ntchito yake ndi kudzaza. Chaka chilichonse malo osunga madzi amachepa, ndiye mvula imene damu linkaimeza lili latsopano imadzadutsa pamwamba pa khoma. Madzi akayenda pamwamba pa dothi amalidya, ndipo khoma limatha kung'ambika m'maola ochepa. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa.

Tsono akatswiri akamayendera damu amayang'ana zinthu zinayi, zimenenso inu mungathe kuziona ndi maso.

Choyamba ndi ngalande yotayira madzi. Kodi ilipo? Kodi ndi yaikulu mokwanira mvula yoopsa imene imagwa kamodzi pa zaka zambiri? Kodi sinatsekeke ndi zitsamba kapena miyala? Pali ena amene amaitseka dala ndi matumba a mchenga kuti asunge madzi ambiri othirira dimba. Munthu wotere akuika mudzi wonse pa ngozi.

Chachiwiri ndi mpata wotsala. Amayeza kuti matope afika pati, komanso kuti kuchokera pa madzi kufika pamwamba pa khoma patsala mamita angati.

Chachitatu ndi madzi odontha kuseri kwa khoma. Damu lililonse la dothi limadontha pang'ono. Madziwo akakhala oyera ndipo sakuchuluka, palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Koma akayamba kutuluka a matope, dziwani kuti akukumba mphako m'kati mwa khoma. Umu ndi m'mene damu la Teton ku Idaho, m'dziko la America, linaphulikira pa 5 Juni 1976, likudzazidwa koyamba, n'kupha anthu 11. Pa madamu aakulu mainjiniya amazika timapaipi toyezera madzi m'kati mwa khoma. Pa damu la kumudzi ndowa ndi wotchi n'zokwanira: muziona kuti ndowa ikudzaza pa mphindi zingati, ndipo muzilemba m'buku.

Chachinayi ndi khoma lenilenilo: ming'alu, malo otitimira, una wa mbewa, chulu cha chiswe, mitengo imene mizu yake ikawola imasiya njira ya madzi, ndi tinjira ta ng'ombe. Pa khoma pamafunika udzu waufupi, osati mitengo.

Zonsezi zikaonedwa, pamatsala funso lalikulu: kumunsi kwa damu kukukhala ndani? Damu laling'ono limene kumunsi kwake kuli sukulu ndi loopsa kuposa lalikulu limene lili kutchire. Pa 9 Meyi 2018 damu la dothi la pa esiteti ina ku Solai, m'dziko la Kenya, linaphulika usiku n'kupha anthu oposa 40 m'midzi ya kumunsi.

Apa ndi pamene nkhani ya damu ikukumana ndi nkhani ya ufulu. Mu Ogasiti 1975 damu la Banqiao ku Henan, ku China komweko, linaphulika pamodzi ndi madamu ena 61. Boma lokha linavomereza kuti anthu 26,000 anamira, koma zikalata za ngoziyi linazibisa mpaka 2005. Ife a Malawi amene tinakhalapo mu ulamuliro wa chipani chimodzi tikudziwa m'mene mantha amatsekera pakamwa munthu amene waona choipa. Mng'alu umene mlonda akuopa kuunena umakulirakulira.

Kwathu kuno matope ndi vuto lenileni. Mapiri ameteka, ndipo dothi la m'minda mwathu limakathera mu Shire n'kumatsamwitsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Choncho madamu otchinga matope tikuwafuna. Chimene tikukana ndi damu lomangidwa pa nthawi ya kampeni, kudula riboni, kenaka n'kuiwalika.

Pempho langa ndi ili. Damu lililonse likhale ndi komiti ndi buku lake. Liyenderedwe mvula isanayambe, ikagwa ya mphamvu, ndiponso ikatha. Zopezeka ziwerengedwe pa bwalo la mfumu, ndipo anthu a kumunsi adziwiretu kothawira ndi amene adzaimbe belu. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ku boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Pitani ku khonsolo mukafunse kuti damu la kwanu analiyendera liti, ndipo anapeza chiyani. Kufunsa kotere si kuukira boma ayi.